Dalaivala amene kamera inkawanena kuti sakuyang'ana msewu

Lipoti la sabata litatuluka Lolemba m'mawa, abwana oyang'anira magalimoto anandiimbira ndisanamwe n'komwe tiyi. Sanachulutse gaga m'diwa: "Achimwene, makina anu aja atigwirira munthu. Mubwere mutisindikizire umboni, Lachinayi tikufuna kumuitana." Munthu wake anali dalaivala wamkulu pa onse pakampanipo, bambo a zaka za m'ma 50, amene agwira chiwongolero cha thiraki kwa zaka zoposa 20 osagundapo ngakhale mbuzi. Kwa sabata zitatu zotsatizana dzina lawo linali pamwamba pa mndandanda wa anthu amene kamera inkati achotsa maso pamsewu, ndipo wachiwiri wawo sankafika ngakhale theka la machenjezo awo.

Nkhaniyi ndikulembera anzanga amene tikuika makamera otere m'magalimoto, m'mafakitale, ena mpaka m'zipinda zolembera mayeso. Mayina a anthu ndi a kampani ndawasiya dala. Zolakwa zambiri zimene zili munomu ndi zanga.

Mmene tinaikira makina

Kampaniyo ili ku Kanengo, ndipo mathiraki ake amanyamula katundu pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ena n'kumalowera ku Mchinji. Itachita ngozi ziwiri zoyandikana, zonse za m'bandakucha, eni ake anafuna chinthu choti chizidzutsa dalaivala akayamba kusinza, chizimukumbutsanso akaiwala msewu. Zogula kunja zinali zokwera mtengo, ndalama zakunja zikusowanso, ndiye anatipatsa ife ntchito yoti tilumikize tokha. Tinayamba ndi mathiraki 8.

Kabokosi kake si kakakulu: kakompyuta ka Jetson Nano pansi pa dashibodi, kamera imodzi, ndi timagetsi ta kuwala kotchedwa infrared m'mbali mwa kamerayo. Kuwala kumeneku diso la munthu silikuona koma kamera imakuona, choncho usiku m'thiraki muli mdima wa bii koma nkhope ya dalaivala imaoneka bwinobwino, kungoti chithunzi chake chilibe mitundu.

Pulogalamu imayamba yapeza nkhope n'kuikapo timadontho. Tinagwiritsa ntchito MediaPipe ya Google, imene imaika timadontho 468 m'mbali mwa maso, pamphuno, pamilomo ndi pachibwano. Kuchokera pa timadonthoto, njira yotchedwa solvePnP ya mu OpenCV (mapulogalamu othandiza kompyuta kuwerenga zithunzi) imawerengera kumene mutu waloza, n'kutipatsa manambala atatu. Yaw ndi kutembenuka kwa mutu kuja munthu akamapukusa pokana. Pitch ndi kuja kogwedezera povomera. Roll ndi kupendeketsa khutu kulozetsa paphewa, ngati nkhuku ikamayang'ana mphamba kumwamba.

Za maso ndinalemba ndekha. Pa kuwala kwa infrared kochokera cham'mbali, kamwana ka diso kamaoneka kakuda bii, ndipo pafupi nako pamakhala kadontho konyezimira, kamene ndi chithunzithunzi cha getsi lija pamwamba pa diso. Diso likatembenuka, kamwanako kamasuntha kwambiri pomwe kadonthoko kamasuntha pang'ono, ndipo mtunda wa pakati pa ziwirizi ndi umene umatiuza kumene munthu waponya maso. Ndi kamera imodzi m'galimoto yogwedera ndi maenje sungaloze malo enieni, ndiye tinangogawa zigawo: msewu, magalasi am'mbali, mamita a liwiro, pamiyendo, ndi kwina konse. Kusinza tinkayeza ndi PERCLOS, muyeso umene Walter Wierwille ndi anzake a ku yunivesite ya Virginia Tech ku America anaubweretsa mu 1994, wowerenga nthawi imene zikope zaphimba diso ndi 80 peresenti kapena kupitirira. Mbali imeneyo sinavute pa nkhani ino.

Malire ake tinati maso akachoka pamsewu kwa masekondi oposa 2 thiraki ikuthamanga, alamu ilire ndipo kavidiyo ka masekondi 10 kasungidwe. Nambala imeneyi sitinaitole kutchire. Kafukufuku wa magalimoto 100 wa Virginia Tech Transportation Institute, amene lipoti lake linatuluka mu 2006, anapeza kuti kuchotsa maso pamsewu kopitirira masekondi 2 kumachulukitsa kawiri chiopsezo cha ngozi. Thiraki yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi. Masekondi 2 ndi mamita 44, kuperewera pang'ono theka la bwalo la mpira. Malamulo a ku Ulaya amati alamu ilire pa masekondi 3.5 galimoto ikamathamanga makilomita 50 pa ola kapena kuposa, koma ife tinathinitsa poona mmene M1 ilili: yopapatiza, m'mbali modyeka, njinga za makala ndi ana asukulu ali pomwepo.

Panali zinthu zina ziwiri zimene panthawiyo ndinkaziona ngati zazing'ono. Usiku wina ndili wotopa ndinaika lamulo loti kamwana ka diso kakasowa m'diso limodzi mwa awiriwo, pulogalamu isiye za maso, ingodalira mutu, ndipo mutu ukapatuka madigiri 20 ndiye kuti munthu wachoka pamsewu. Lamuloli ndinaliiwala. Chinanso, "kuongoka" kwa mutu ndinakuyeza kamodzi kokha, tsiku loika makamera, nditakhazika mnyamata wathu wamtali pampando wa thiraki iliyonse n'kumuuza kuti ayang'ane kutsogolo. Khosi la mnyamata ameneyo linasanduka muyeso wa madalaivala onse.

Zimene ndinakayikira poyamba

Umboni uja sindinasindikize. Ndinapempha timavidiyo tonse ta bambowa n'kukhala nato pansi. Ndinkayembekezera foni, kapena chimanga chootcha m'manja, kapena wokwera wobisika amene akucheza naye. Kunalibe. Manja onse awiri pachiwongolero, msana woongoka, pakamwa potseka. Chokhacho, nkhope yatembenukira pang'ono kumanja, ngati munthu amene akumvetsera zonong'ona ndi khutu lakumanzere.

Ndinayamba ndi nkhani ya kumanja ndi kumanzere, chifukwa yandilumapo kale. Mapulogalamu ambiri otere amakonzedwa m'mayiko amene chiwongolero chili kumanzere, monga America, Germany ndi China. Kwathu kuno dalaivala amakhala kumanja, ndipo ukaiwala kutembenuza zigawo, galasi la m'mbali limasanduka wailesi. Ndinafufuza, zonse zinali m'malo mwake.

Kenako khungu. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anaonetsa kuti mapulogalamu ena a makampani akuluakulu ankalakwitsa mpaka 34.7 peresenti pa akazi akhungu lakuda, pomwe pa amuna akhungu loyera sankapitirira 0.8 peresenti. Iwo ankayesa zoti pulogalamu inene ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi, osati za maso, komabe kuyambira pamenepo sindikhulupirira pulogalamu ya nkhope ndisanaiyese pa nkhope zathu. Apa sipanali vuto. Pa infrared kusiyana kwa makungu kumachepa, ndipo timadontho tinkakhala pankhope ya bambowa osagwedera.

Chachitatu ndiye chinandichititsa manyazi. Nditaika machenjezo a madalaivala onse pamapu mothandizidwa ndi GPS, anaunjikana pa Nathenje, pa Chimbiya, pa Lizulu, pa Tsangano turn-off. Aliyense woyenda msewu umenewu akudziwa kuti pa Lizulu tsiku la msika tomato, kabichi ndi mbatatesi zimafika mpaka m'mphepete mwa phula, minibasi zaima paliponse, anthu akuwoloka osacheuka. Dalaivala amene pamalo otere akumwaza maso uku ndi uku ndi amene ali tcheru. Makina anga ankamukalipira ameneyo. Limeneli linali vuto la onse, ndipo ndinalilemba kuti ndilikonze. Koma silinafotokoze za bambo athu aja, chifukwa awo machenjezo anali ponseponse, ngakhale pamsewu woongoka wopanda munthu.

Ndinapita kwa abwana kukapempha kuti za Lachinayi ziyambe zaima. Sanasangalale.

"Ndiye ndalama zonse zija tinalipira kuti makina azitinamiza?"

"Sakunama, bwana," ndinatero. "Iwo aona kuti mutu watembenuka, ndipo watembenukadi. Zoti munthu sakuyang'ana msewu ndawonjezera ndine, ndipo sindinazitsimikize."

Ndinawakumbutsanso kuti ndime 57 ya Employment Act ya 2000 imafuna chifukwa chomveka komanso mpata woti munthu adziyankhire asanachotsedwe ntchito, ndipo nkhaniyi ikakafika ku Industrial Relations Court, amene akafunsidwe kuti nambalayi ikutanthauza chiyani ndine. Anandipatsa sabata ziwiri.

Ulendo wa ku Blantyre

Ndinakwera nawo. Tinanyamuka ku Kanengo 4 koloko m'mawa, mwezi wa June, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Atandiona ndi laputopu anangoloza kamera ndi chibwano: "Mwabwera kudzazonda mwana wanu?" Madalaivala onse ankaitchula kuti kazitape, ndipo ena anali atayamba kuikoloweka chipewa.

Alamu inayamba kulira tisanadutse n'komwe Bunda turn-off. Iwo sanatekeseke, anali ataizolowera ngati kulira kwa nkhululu. Chakufupi ndi Kamphata anayamba kuchepetsa liwiro ine ndisanaone kanthu. Patapita kamphindi ndi pamene magetsi anaunika munthu wa njinga, matumba a makala atasanjikiza kupitirira mutu wake, wopanda chonyezimira chilichonse. Panthawi yeniyeniyo pa laputopu panga panali mawu ofiira akuti dalaivala wachoka pamsewu.

Kutacha ndinasiya kuyang'ana manambala, n'kuyamba kuwayang'ana iwowo. Lex Fridman ndi anzake a ku yunivesite ya MIT ku America analemba mu 2016 za mitundu iwiri ya kayang'anidwe ka madalaivala: kadzidzi, amene amatembenuza mutu wonse, ndi buluzi, amene mutu uli phee koma maso okha ndi amene akuyendayenda. Anthu ambiri amapendekera mbali imodzi ya ziwirizi. Bambowa anali zonse ziwiri, koma mogawa. Galasi lakumanzere ankangoliponyera diso, buluzi weniweni. Lakumanja, limene lili pafupi kwambiri ndi iwo, ankalitembenukira mutu wonse mpaka phewa kutsatira. Pofuna kupitirira galimoto ina ankadikira nthawi yaitali, mipata imene dalaivala wina akanalowa iwo ankangoisiya. Ndinaganiza kuti ndi ukulu chabe.

Pa Ntcheu tinaima kumwa tiyi. Potsanulira, anayamba agunditsa kukamwa kwa fulasiki pamlomo wa kapu, kenako n'kupendeketsa. Anachita chimodzimodzi ndi kapu yanga. Ndinaziona, koma tanthauzo lake linandidutsa.

Chimene ndinabwera nacho pa ulendowu chinali m'kaundula wa pulogalamu: pafupifupi njira yonse makina ankayendera mutu wokha. Lamulo langa loiwalika lija ndi limene linkagwira ntchito. Mutu wawo unkakhala pa madigiri 15 kapena kuposerapo pang'ono kulowera kumanja kwa muyeso wa mnyamata uja, ndiye pankangotsala timadigiri tochepa kuti adumphe 20. Kungosuntha pampando, alamu.

Diso lakumanja

Funso linatsala loti n'chifukwa chiyani kamwana ka diso sikankapezeka. Yankho losavuta linalipo. Kamera inali pakati pa dashibodi, kumanzere kwa dalaivala, choncho ngakhale munthu woyang'ana kutsogolo inkamuona cham'mbali. Ukawonjezerapo madigiri 15, mphuno imayamba kutchinga diso lakutali. Ndinakhulupirira zimenezi masiku awiri. Mwamwayi ndinaziyesa m'malo mongozilemba mu lipoti: ndinasamutsa kamera n'kuiika kutsogolo kwenikweni kwa chiwongolero, pamwamba pa mamita. Ulendo wotsatira, maso onse awiri akuoneka poyera, diso lakumanja linkatayikabe.

Apa ndinasiya zowerengetsa, n'kuyamba kutsegula zithunzi chimodzichimodzi ndikuzikulitsa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo usiku umenewo ndinamvetsa chimene ankanena. Diso lakumanzere, kamwana kake kakuda bii, m'mphepete mwake modulidwa bwino. Lakumanja, kamwana kake kotuwa ngati madzi otsukira mpunga. Pulogalamu yanga inkafunafuna kabwalo kakuda, ndipo m'diso limenelo munalibe.

Ndinayamba ndaganiza fumbi pa kamera kapena kunyezimira kwa getsi. Koma fumbi limakhala pamalo amodzi pachithunzi, kunyezimira kumatsatira getsi, pomwe kutuwaku kunkayenda limodzi ndi diso. Ndinatsegula zithunzi za madalaivala ena, onse timwana tawo takuda.

Ndinadula chithunzi kuti patsale diso lokha, popanda nkhope, n'kuonetsa mnzanga wina amene amagwira ntchito za maso kuchipatala. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinali ndi ufulu wotero, ndipo ndikanakhala kuti ndikubwereza ndikanayamba ndapempha eni diso. Iye anakana kutchula matenda pa chithunzi, koma anati munthuyo akayezetse ng'ala msanga. Nditamuuza za mutu wotembenuka anandifunsa kuti watembenukira mbali iti. Ndinati kumanja. Anati ndi mmene zimakhalira: diso lililonse limaona madigiri pafupifupi 100 chakunja, koma chakumphuno limangofika cha m'ma 60 chifukwa mphuno imatchinga. Munthu amene diso lakumanja lafooka amatembenuzira nkhope kumanja kuti lakumanzere lifike pakati, nthawi zambiri osadziwa n'komwe kuti akutero. Ndipo poti mtunda wa zinthu zapafupi timauyeza bwino ndi maso awiri, amayamba kukhudza kaye asanathire. Ndinakumbukira fulasiki ya pa Ntcheu.

Choncho kamera inali italakwa, komanso inali itaona zoona. Bambowa maganizo awo anali pamsewu kuposa ena onse. Koma ankayendetsa thiraki yodzaza katundu ndi diso limodzi, ndipo lofookalo linali la mbali imene kumachokera magalimoto okumana nawo ndi opitirira.

Kucheza kwa pa chiwaya, ndi chimene ndinasankha

Sindinafune kuwayankhulira mu ofesi. Ndinawapeza madzulo kunja kwa geti, pa chiwaya, ndinagula tchipisi cha awiri. Ndinawauza kuti kamera inawalakwira ndipo ndilemba zimenezo. Anangogwedeza mutu. Kenako ndinati, "Koma bambo, pali china chimene ndaona. Diso lanu lakumanjali likuona bwanji?"

Anasiya kudya. Panapita nthawi ndithu, mpaka ndinayamba kudziimba mlandu.

"Achimwene, mwauza ndani?"

Anandifotokozera kuti zaka zitatu zapitazo lamba womangira katundu anaduka akumukoka, ngowe yake n'kuwamenya padiso. Linatupa, linapola, anaiwala. Chaka chathachi linayamba kuona ngati m'nyumba yofuka utsi, ndipo usiku magetsi a magalimoto okumana nawo ankamwazika. Kuchipatala sanapite poopa kuti zikalembedwa papepala zidzafika kuntchito. "Ana awiri ali kusekondale, wina ku koleji. Dalaivala wa diso limodzi angamulembe ndani?"

Njira yachidule inalipo, ndipo ndisaname, ndinaiganizira. Ndikanangosintha nambala imodzi mu thiraki yawo, kuongoka kwa mutu kukhale pa madigiri 15, machenjezo akanatheratu. Abwana akanati makina akonzedwa, bambowa akanapitiriza ntchito, ine ndikanatamandidwa. Chinandiletsa ndi munthu wa makala wa pa Kamphata. Tsiku limenelo anali kumanzere. Mawa lake wina akanatulukira kumanja.

Kuthamangira kwa abwana ndi chithunzi cha diso nakonso sikunali bwino. Madalaivala anasainira kuti kamera iziona kusinza ndi kuchotsa maso pamsewu, sanasainire kupimidwa matenda ndi munthu wa makompyuta. Data Protection Act ya 2024, imene MACRA ndi yoyang'anira, imaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kuzisamala mwapadera. Kupatula lamulo, ine si dokotala, ndipo chimene ndinali nacho chinali chikayikiro chabe.

Ndiye ndinawauza chonchi: mu lipoti ndilemba kuti machenjezo aja si umboni wa kusasamala, kuti anabwera chifukwa pulogalamu yanga inkalephera kupeza diso, ndipo ndipempha kuti madalaivala onse akayezedwe maso. Za diso lawo akanene okha, ine ndidzakhala pambali pawo. Koma ulendo wa Loweruka asauyende, ndipo ngati pofika Lachisanu sananene, ndidzauza abwana kuti pali chifukwa choti asakwere thiraki asanaonane ndi dokotala. Anaimirira osatsazika, tchipisi n'kutsala m'mbale.

Lachisanu 7 koloko anandiimbira. "Ndili pa geti. Tiyeni."

Zotsatira

Abwana poyamba anakwiya kuti anabisiridwa. Chimene chinathandiza ndi mbiri ya bambowa komanso timavidiyo tomwe tija, amene poyamba ankafuna akhale umboni wowachotsera. Tinaonera limodzi ka pa Kamphata. Eni kampani anagamula kuti achoke pamsewu, aziyang'anira zopakira katundu pa yadi mpaka madokotala anene. Malipiro a pamwezi anatsala, koma alawansi ya maulendo inapita, ndipo kwa dalaivala wa mtunda wautali imeneyo si ndalama yochepa. Mwana wa ku koleji uja anakhala pakhomo semesita imodzi. Ndikulemba izi kuti wina asaganize kuti nkhaniyi inatha aliyense akuseka.

Kuchipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central anatsimikiza kuti ndi ng'ala yobwera chifukwa chomenyedwa. Anawachita opaleshoni, kuchotsa kagalasi ka m'diso kamene kanachita chifunga n'kuikamo kochita kupanga. Kuyeza kwa madalaivala ena kunapeza angapo ofunika magalasi, ndipo magalasiwo anandibweretsera ntchito ina, chifukwa getsi la infrared limanyezimira pagalasi n'kuphimba kamwana ka diso. Tinachita kusuntha timagetsi kutalikirana ndi kamera.

Pulogalamu ndinaisintha mwambiri, koma ziwiri ndi zimene ndikufuna anzanga azimve.

Choyamba ndi lamulo lobwerera ku mutu. Kale makina ankadziwa mayankho awiri okha, ali pamsewu kapena wachoka. Tsopano pali lachitatu: sindikuona maso. Diso limodzi likapezeka ndi lokwanira, ndipo nthawi yonse imene makina ayendera mutu wokha imawerengedwa payokha n'kuoneka pa lipoti. Nambala imeneyi itangoyamba kuoneka inatulutsa nkhani ina. Mnyamata wina amene kwa miyezi yonseyi anali ndi mbiri yoyera kuposa onse ankavala magalasi adzuwa amtundu wosalola infrared kudutsa. Ambiri amalola, koma ake ayi. Makina osaona maso ankadalira mutu, mutu uli chilili kuloza kutsogolo, foni ili pantchafu. Buluzi wathunthu. Mndandanda umodzi womwewo unaika munthu wosamala pamwamba pa olakwa, wolakwa weniweni n'kumuveka nkhata ya maluwa.

Chachiwiri ndi kuongoka kwa mutu. Tsopano makina amaphunzira okha pa dalaivala aliyense: thiraki ikamathamanga kupitirira makilomita 60 pa ola, kumene mutu ndi maso zikuloza nthawi zambiri ndi kumene kuli msewu. Zimagwira bwino kwambiri. Koma taganizani, njira imeneyi ikanakhalapo kuyambira pachiyambi, ikanameza madigiri 15 aja mwakachetechete, ndipo ng'ala ija palibe akanaidziwa. Ikanachita yokha chinyengo chimene ine ndinakana pa chiwaya. Choncho nambala imene makina aphunzira timaisunga ulendo uliwonse, ndipo ikakhala yopatuka kwambiri kapena ikamasuntha mwezi ndi mwezi, imabwera kwa ine, osati kwa abwana, kuti ndikaone ngati ndi mpando, kamera kapena munthu.

Zina ndi zing'onozing'ono. Kuyang'ana magalasi am'mbali sikuwerengedwanso ngati kuchoka pamsewu pokhapokha kutatalika. Liwiro likatsika, monga m'misika, malire amamasuka. Palibenso chenjezo limene limalowa mu fayilo ya munthu lisanaonedwe ndi maso a munthu mnzake.

Mawu akuti "chidwi" ndinawachotsa pa lipoti. Daniel Simons ndi Christopher Chabris anaonetsa mu 1999 kuti anthu atauzidwa kuwerenga mmene osewera akupatsirana mpira mu vidiyo, pafupifupi theka sanaone munthu wovala ngati nyani wamkulu akudutsa pakati pawo, maso ali pomwepo. Dalaivala akhoza kuyang'ana phula bwinobwino mtima uli kumaliro ku Ntchisi, ndipo kamera yanga imupatsa mamakisi onse. Pamalo pamene panalembedwa kuti chidwi, tsopano pamalembedwa kuti "kumene maso analoza", ndipo pamzere wina "kumene mutu unaloza". Abwana amafunsabe Lolemba lililonse kuti ndiwatumizire mndandanda wa woyamba mpaka womaliza ngati kale. Ndimawatumizira timavidiyo tochepa toti aonere ndi dalaivala mwini wake, ndipo nkhani imeneyi sitinagwirizanebe.

Bambo aja anabwerera pamsewu patapita miyezi itatu, ali ndi kalata ya dokotala. Ulendo woyamba ndinatsegula kaundula mtima uli m'mwamba. Timwana ta maso tonse tiwiri tinkapezeka, takuda. Koma mutu unali ukadali pa madigiri 12 kumanja: diso linachira, khosi linali lisanamve uthenga. Sabata ndi sabata nambalayo inkatsika, mpaka inakaima pa 5, ndipo yakhala pomwepo mpaka pano. Sindinaikhudze.

Kwa nthawi ndithu ankangondipatsa moni wa pakamwa, dzanja ayi. Tsiku lina ndikumanga kamera mu thiraki yoyandikana ndi yawo, anatsitsa galasi n'kuloza kazitape wa pa dashibodi yawo.

"Achimwene, mumuuze mwana wanuyu kuti pano ndikumuona ndi onse awiri."

Anakweza galasi, n'kutulukira pa geti kulowera ku M1.